Ng'oma mwatenga, nanga mwini manja mwamusiya kuti?

Mwezi wathawu ndidaitanidwa kukakhala m'gulu la oweruza pa mpikisano wa nyimbo za achinyamata mu holo ina mumzinda wa Lilongwe. Bungwe lomwe lidakonza mwambowo sindilitchula, poti kutchula limodzi ndiye kuti ndakhululukira anzawo onse amene amachita zomwezo. Pakhomo adapachika chinsalu chachikulu cholembedwa m'Chingerezi, ati cholinga chawo n'kupatsa mphamvu achinyamata posakaniza chikhalidwe chathu ndi nyimbo za chamba cha hip-hop. Mabwana adakhala kutsogolo ndi timabotolo tawo ta madzi, ife oweruza chapambali ndi mapepala olembapo malikisi.

Gulu lililonse lidauzidwa zinthu ziwiri: nyimbo ikhale ndi "uthenga", ndipo pakhale "chachikhalidwe". Tsono taonani zomwe zidachitika. Kutsogolo mnyamata wa chipewa chotembenuza, thalauza atakhwefula, chimkuzamau kukamwa. Biti ikuchokera m'kompyuta. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma, anyamata awiri atavala ziguduli ndi nthenga za nkhuku akumenya ng'oma zomwe palibe adaziikira chimkuzamau. Ng'omazo sizidamveke ngakhale pang'ono. Pa gulu lachinayi ndidachita kudzuka kukasuzumira, ndipo ndidapeza kuti ng'oma imodzi idali yobooka chikopa. Mnyamatayo ankangoyendetsa manja m'mwamba ngati akupitikitsa ntchentche. Mabwana adaomba m'manja. Mayi wina wachizungu adajambula ndi foni yake, misozi ili m'maso.

Ine ndidabwerera kunyumba ndi envulopu ya alawansi m'thumba, manyazi ali tho. Ndidasaina nawo, ndidadya nawo mpunga wa nkhuku, ndiye musandiyese woyera. Koma pakamwa pokha ndakana kutseka.

Ndiyambe ndasesa bwalo, kuopa kuti akuluakulu ena angandiyese mnzawo. Alipo anthu m'dziko muno, ena ovala makolala, ena a madigiri awiriawiri, amene akangomva mwana akurapa amagwira kumutu n'kumati chikhalidwe chatha, ng'oma ya makolo isayandikane ndi zopusa za ku America. Amenewa ndi ine sitimwerana madzi. Ndiwafunse: chikhalidwe chosasakaniza chimene mukuchilondacho chidakhalako chaka chiti? Malipenga a ku Nkhata Bay, mganda, beni wa ku Mangochi, zonsezi si zidachokera pa perete wa asilikali? Anyamata adaona bandi ya azungu m'zaka za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi pambuyo pake, nabwera kumudzi kudzatenga zikho, kuziboola, kumatapo ukonde wa kangaude, basi lipenga lapezeka. Dzina lenilenilo loti beni ndi liwu la Chingerezi lotanthauza bandi, lomwe lidatipeza litadzera kugombe la Aswahili. Lero mukuwatcha magule a makolo, ndipo simukulakwa. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka adatenga kwela, nyimbo ya m'misewu ya ku Joni, naiphika m'mphika wa kwathu mpaka akatswiri a ku Ulaya adachita kuilondola kudzaiphunzira. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene adatisiya mu 1995, ankaimba ndi banjo. Kodi banjo idamera m'munda wa agogo anu?

Ngakhale gule wamkulu amene mumalumbirirayo ndi mphika wolandira chilichonse. Pitani ku Mua, ku malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, mukaone nkhope mazanamazana zili pakhoma. Mukapeza Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Mukapeza Maliya. Pabwalo pamatuluka ngakhale galimoto yoluka ndi udzu ndi makoko a chimanga. Amishoni atafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mua mu 1902, adalimbana ndi gule zaka zambirimbiri, ndipo gule adawayankha powameza, nawasandutsa zilombo zovina pabwalo anthu n'kumaseka. Ndiye gule amene adameza mtsamunda ndi m'mishoni yemwe, atsamwidwe lero ndi kamnyamata ka chipewa chotembenuza?

Komanso odana ndi rapuwo sadziwa kumene idachokera. Pa 11 Ogasiti 1973, m'nyumba ya nambala 1520 mumsewu wa Sedgwick Avenue ku Bronx, mumzinda wa New York, mnyamata wobadwira ku Jamaica wotchedwa DJ Kool Herc ankaimbitsa mbale pa phwando la mlongo wake. Iye adaona kuti ovina amapenga pa kachigawo kamene zoimbira zina zonse zimakhala chete n'kutsala ng'oma zokha. Adapeza njira yobwereza kachigawo kameneko pogwiritsa ntchito mbale ziwiri zofanana. Hip-hop idabadwa choncho, ndi njala ya ng'oma, pakati pa ana a anthu osauka m'dera lomwe boma lidalitaya. Chaka chomwecho cha 1973 kuno kwathu Nyumba ya Malamulo idali kalikiliki kukhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lomwe lidadzachotsedwa mu 1993. Aliyense ndi ntchito yake.

Ine ndidali mnyamata pomwe tidaponya voti ya riferendamu pa 14 Juni 1993. Zipata zitatseguka makaseti adalowa ngati ngumbi. Tinkaloweza mau a Tupac osadziwa tanthauzo, tinkatchula misewu ya ku Los Angeles ife tili pa Chigwirizano, fumbi lili mbuu. Akatswiri awiri, John Fenn ndi Alex Perullo, adalemba mu 2000 za kusiyana kwa ife ndi anzathu a ku Tanzania: kumeneko rapu idagwira msanga Chiswahili, kuno anyamata ambiri ankakakamira Chingerezi. Adanena zoona, ndipo zimandiwawabe. Pang'ono ndi pang'ono zidasintha. Gulu la Real Elements lidaonetsa kuti Chichewa chingathe kukwera pa biti osagwa. Kenaka Limbani Kalilani, amene mumamudziwa kuti Tay Grin, adadzitcha Nyau King nakwera pa nsanja ndi gule, panthawi yomwe ana a m'tauni ankayesa liwu loti nyau ndi chitonzo chonenera munthu wosaphunzira. Mu 2016 adatenga kasewero ka ana ka Chipapapa naimba ndi 2Baba wa ku Nigeria. Wina anene zomwe anganene, koma kuchotsa manyazi pa chinthu chomwe mtundu wonse wa ophunzira unkachibisa kuseri kwa chitseko si ntchito yaing'ono. Pamenepo chipewa ndavula.

Ndiye kusakanizako ine ndikuvomera ndi manja awiri. Mkangano wanga uli pa funso lomwe mabwana a mu holo muja sadafune kulimva: mphamvu mukunenayo ikupita kwa wachinyamata uti?

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amakhala kumudzi kuseri kwa Mitundu. Sukulu adalekezera Sitandade 7. Ng'oma adayamba kugwira ali ndi zaka 9, ndipo lero akakhala pa mbalule ngakhale nkhalamba za pamudzi zimangogwedeza mutu. Chaka chatha anyamata ena a m'tauni adamumva akuimba pa mwambo wa chiliza, namuitana kuti abwere ku situdiyo. Adanyamula ng'oma zitatu, nalipirira mpando wapadera m'minibasi chifukwa kondakitala adati katunduyo ndi munthu. Adaimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'kachipinda kotentha kokhomedwa makatoni a mazira m'makoma. Madzulo adamupatsa K10,000 ya thiransipoti, botolo la zoziziritsa kukhosi ndi banzi. Nyimbo idatuluka. Idalira m'mawailesi, m'maminibasi, m'maukwati. Pa kanema wake adalemba dzina la woimba, la wojambula mau, la wojambula zithunzi, la sitolo yomwe idabwereketsa zovala, mpaka la wometa tsitsi. Pa ng'oma adangolembapo liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kuti n'zamakolo. Makolo ake ati? Mwanayo ali moyo, ali ndi dzina, ali ndi mkazi ndi khanda lofuna phala.

Nditapita kumudzi ndidamuimbira nyimboyo pa foni, ndikuyesa kuti akondwa. Adamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Atsibweni," adatero, "manjawo ndi anga, koma ng'omayo si yanga ayi. Aidula miyendo."

Ndidamufunsa kuti akutanthauzanji. Yankho lake lidandiphunzitsa zomwe sindidaphunzire ku koleji. Mbalule, iye adati, salira payekha. Amayang'ana mapazi a chilombo. Chilombo chikaponda mbalule amayankha, chikazungulira amachitsata, chikafuna kuthawa bwalo amachiitana. Mpanje ndi gunda zimagwira nthaka kuti mbalule apeze poyenda, ndipo amayi akuomba m'manja ndi kuyankha nyimbo ndiwo mpanda wa zonsezo. Nthawi ndi nthawi ng'oma imapita pamoto kukawambidwa kuti mau akwere, phula la pakati pa chikopa likonzedwe. Palibe mphindi ziwiri zofanana. Tsono anyamata a ku situdiyo aja adadula kachidutswa ka masekondi anayi pa ntchito ya tsiku lonse, nakabwereza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kuonjezera apo adakawongola. M'makompyuta awo muli kabatani kokokera kugunda kulikonse pa mzere wake, kuti zonse ziyende mofanana ngati asilikali. Biti ya rapu nthawi zambiri imayenda ndi mapazi anayi, chikwapu chikugwa pa lachiwiri ndi lachinayi. Ng'oma zathu zambiri zimayenda ndi timapazi 12, tomwe wina amatigawa patatupatatu pamene mnzake akutigawa pawiripawiri, ndipo kukoma konse kuli pa kukokanako. Ukaziwongola kuti zikwane m'bokosi la mapazi anayi watsala ndi phokoso la chigayo.

Izi ndizo ndikutcha kuveka nyimbo nthenga. Chimene chimatengedwa kumudzi ndi chooneka ndi maso: chigoba cha kumaso, chikopa cha nyama, mkanda, fumbi la pabwalo lokometsera kanema. Nzeru yeniyeni ya nyimbozo, kayendedwe kake, kuyankhana kwa wotsogolera ndi gulu, zimatsala komweko. Chifukwa chake n'chosabisika. Kuphunzira kurapa pamwamba pa timapazi 12, ng'oma ikutsogolera iwe ukutsata, kumafuna miyezi yokhala pansi ndi anthu onga mphwanga, kudya nawo nsima ya mgaiwa, kulakwitsa, kusekedwa ndi ana. Wekishopu ya ku hotela imatha masiku atatu, ndipo tsiku lachitatu ndi la ziphaso ndi zithunzi.

Pa mau napo ndili ndi dandaulo, ndipo pano ndikulankhula ndi inu alakatuli anzanga amene mumawerenga tsamba lino. Anyamata athu adamva kuti rapu ndi kufananitsa mathero a mizere, ndiye amatuluka thukuta kusaka mau othera mofanana. Abale, m'Chichewa liwu lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni pafupifupi onse amathera ndi a. Kufananitsa mathero m'chinenero chotere ndi kuwina mpikisano wothamanga uli wekha. Ukatswiri wa chinenero chathu uli kwina. Uli kumayambiriro kwa mau, kumene agwirizanitsi amabwerezabwereza okha: chinthu chachikulu chija chagwa, kamwana kakang'ono kaja kathawa. Uli m'mvekero, mau aja oti phwii, psuu, balala, ndii, omwe Chingerezi chimachita kuwasirira. Uli m'zining'a, m'mikuluwiko, m'kunena munthu iye ali pomwepo osazindikira mpaka atafika kunyumba. Ulinso m'kukwera ndi kutsika kwa liwu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, khutu lokha ndilo limasiyanitsa. Mnyamata akapotoza Chichewa kuti chimveke ngati cha ku Atlanta amaphwanya zonsezi, ndipo agogo ake akamva amafunsa kuti mwanayu akulankhula chinenero chanji. Amayi a pamtondo akhala akurapa kuyambira kalekale, munsi ukugunda biti, iwo akumuthira mwamuna waulesi ndi apongozi amwano m'nyimbo, mudzi wonse ukumva. Ndani mwa anyamata athu adakhalako pansi kumvetsera amenewa?

Tsopano tifike pa "uthenga" uja, pakuti apa ndiye pali fupa. Mu holo muja magulu onse 12 adaimba zinthu zimodzimodzi: pitani kusukulu, pewani matenda, bzalani mitengo, lekani nkhanza. Zonsezi n'zabwino, ndani angakane? Koma mitu ya nyimbo adachita kupatsidwa papepala. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene adaimba za feteleza amene bambo ake adalephera kugula, za ntchito zomwe zimapita kwa ana a mabwana, za mnzake wa digiri amene akugulitsa mayunitsi pamsewu, kapena za alawansi yomwe ife oweruza tinkalandira iwo akugawana mabanzi. Ndidafunsa mtsikana wina panja chifukwa chake. Adandiyang'ana ngati ndine wopepera: "Bambo, tikaimba zimenezo tiwina bwanji?"

Ife a zaka zathuzi tidaziona kale zimenezi. M'nthawi ya chipani chimodzi magule onse a m'dziko muno adali ndi ntchito imodzi. Chimtali, chioda, ingoma, ngakhale gule wamkulu, zonse zinkatengedwa pa lole kupita ku bwalo la masewero, mau akale atachotsedwa n'kuikamo otamanda Ngwazi. Amayi athu ankasiya ana ndi minda kukayeserera masabata athunthu. Nthawi imeneyonso ankati akulemekeza chikhalidwe. Bungwe loona zoyenera kuwerengedwa ndi kumvedwa, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkasefa nyimbo ndi mabuku, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Matipate atabwera mu 1994 tidayesa zatha, koma nsalu zokha ndizo zidasintha mtundu, amayi adapitiriza kuvina pa misonkhano. Lero lole ija yasanduka minibasi ya bungwe, nsalu yasanduka tisheti yolembedwa kumsana, wotamandidwa ndi mwini thumba la ndalama. Mwana woimba zomwe wauzidwa, atavala zomwe wapatsidwa, kuti asangalatse amene akhala kutsogolo, ameneyo ndi mbumba basi, ngakhale atakhwefula thalauza mpaka m'maondo.

Chonsecho miyambo iwiri yomwe akuti akuisakanizayo idakula ndi mwano wolankhula zoona. Gule pabwalo amadzudzula mfumu yaumbombo, mkamwini waulesi, mwamuna wosagona m'nyumba, ndipo palibe amamuimba mlandu poti wanena ndi chilombo. Rapu nayo idakula ponena zomwe wailesi za boma sizinkanena. Kuphatikiza ziwirizi kudayenera kubala chinthu choopsa, choti nduna ikamva isowe tulo. Inu mwaphatikiza mikango iwiri n'kubereka mphaka wa pakhonde.

Kuti zimatheka, onani ku Senegal. Oimba rapu a kumeneko adayamba kalekale kurapa m'Chiwolofu, ndipo amanena poyera kuti luso lawo ndi mbale wa tassu, ndakatulo zothamanga zomwe amayi amalakatula pa ng'oma m'miyambo yawo. Mu Januwale 2011, magetsi atanyanya kuzimazima, anyamata a gulu la Keur Gui a ku Kaolack pamodzi ndi atolankhani anzawo adayambitsa gulu la Y'en a Marre, kutanthauza kuti tatopa nazo. Adayenda m'makwalala ndi m'mabasi kurapa ndi kukopa achinyamata kuti akalembetse m'kaundula wa voti. Pa 23 Juni chaka chomwecho anthu adadzaza kunja kwa Nyumba ya Malamulo mpaka Pulezidenti Abdoulaye Wade adabweza maganizo ake osintha malamulo a dziko, ndipo mu Malichi 2012 adagwa pa chisankho. Ena a anyamatawo adagonako m'chitokosi. Palibe adawapatsa mitu ya nyimbo papepala.

Kapena onani ku Australia, kwa eni nthaka a kumeneko amene azungu adawalanda dziko ndi ana omwe. Mnyamata wotchedwa Danzal Baker, wodziwika kuti Baker Boy, wa mtundu wa Yolngu ku Arnhem Land, amarapa m'chinenero cha kwawo chosakaniza ndi Chingerezi, amavina magule a kwawo, amaliza yidaki, chitoliro chachitali cha makolo ake. Mu 2019 dziko lonse lidamusankha kukhala wachinyamata wopambana wa chakacho. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti mwini chikhalidwe ndiye wagwira chimkuzamau. Sali kumbuyo pafupi ndi khoma ndi ng'oma yobooka. Ana a kumudzi kwawo akamuona amaona munthu wolankhula ngati iwo.

Kwathu kuno kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo 51 mwa anthu 100 alionse adali osakwana zaka 18. Anthu 84 mwa 100 alionse adali akumudzi. Ndiye mukati "achinyamata", ambiri mwa iwo ndi onga mphwanga, osati ana a ku Area 47 kapena ku Namiwawa amene makolo awo angathe kuwagulira kompyuta. Ngati kusakaniza kwanu kukutanthauza kuti wakumudzi apereke ng'oma, wam'tauni atenge dzina ndi ndalama, imeneyo ndi thangata. Agogo athu ankalima thonje ndi fodya wa mzungu kuti aloledwe kukhala pa nthaka yawo yomwe. Dzina la chinthucho tikulidziwa.

Wina anena kuti nyimbo za makolo zilibe mwini. Bodza. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa zaluso la 1989, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2016, ndipo malamulowa amatchulanso za luso la makolo, kuti boma ndilo limalisunga m'malo mwa anthu a dziko lino. Tsono boma likasunga m'malo mwathu, mudzi womwe nyimbo yatengedwa umaona chiyani? Komanso pambali pa nyimbo ya makoloyo pali manja a munthu amene waimba tsiku limenelo, ndipo manja amenewo si a makolo. Ndalama zomwe zimagawidwa nyimbo ikaulutsidwa zimatsata maina olembedwa. Amene sadalembedwe kulibe. Mzungu Hugh Tracey, amene adayenda m'dziko muno m'ma 1950 kujambula nyimbo zomwe zikusungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, kawirikawiri ankalemba dzina la woimba ndi dera lomwe wachokera. Mtsamunda wa nthawi ya Nyasaland ankatha kufunsa munthu dzina, iwe mwana wa Mchewa mnzake zikukukanika?

Kuti ulemu ndi wotheka tidaona mu 2020, pomwe Patience Namadingo adakhala pambali pa a Giddes Chalamanda, nkhalamba ya ku Chiradzulu yobadwa mu 1930, naimba nawo nyimbo zawo zakale. Siidali rapu, koma phunziro lake ndi lomwelo. Mkuluyo adaoneka nkhope, adamveka mau, adatchulidwa dzina, ndipo nyimbo yawo ya Linny Hoo itafalikira pa TikTok dziko lonse lidadziwa kuti mwini wake ndani. Namadingo sadachepe nazo.

Pali chinanso chomwe ndiyenera kunena mosamala, poti ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo, kudambwe sindidapiteko ndipo za kumeneko si zanga kuzikamba. Gule ali ndi za pabwalo, zomwe aliyense amaona, ndi zina zomwe eni ake amasunga. UNESCO italengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi vimbuza ndi chuma cha anthu onse a padziko, ndi tchopa mu 2014, sidanene kuti tsopano ndi katundu wa pa kaunjika woti aliyense atole. Vimbuza ndi mankhwala, anthu amavina akudwala. Gule amatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu. Woimba wofuna kutengako kanthu apite kwa eni mzinda, akhale pansi, apemphe, auzidwe pofika ndi polekeza. Akakanizidwa, amve. Sindikunena kuti kumudzi zonse n'zoyera ayi. Tonse tikudziwa za zilombo zothamangitsa ana a sukulu ndi kulanda katundu wa anthu panjira, ndipo mafumu enieni amadandaula nazo. Koma nkhani zimenezo woyenera kuziimba molimba ndi mnyamata wa komweko, amene akudziwa chomwe chapotoka. Atsikana nawonso, amene mau awo ndi manja awo ndiwo amanyamula gule yense, chisamba ndi chitelele chomwe, m'makanema athu angosanduka ogwedeza chiuno kumbuyo kwa bwana woimba. Pa mpikisano uja, mwa magulu 12, mtsikana wogwira chimkuzamau adali mmodzi.

Kwa inu a mabungwe ndilibe zambiri. Ndalama ya chakudya cha masana cha tsiku limodzi ku hotela ija ikadakwana kugula makina ojambulira mau ndi kuwasiya pa sukulu ina ya kumudzi chaka chathunthu. Mukudziwa zimenezi kuposa ine, poti malisiti mumasunga ndinu. Chomwe chimakuvutani n'chakuti makina osiyidwa kumudzi satulutsa chithunzi cha bwana akupereka chikho, ndipo ana akawagwira angayambe kuimba zomwe sizili mu pulani yanu.

Anyamata a ku situdiyo aja adamuitananso mphwanga mwezi wa Epulo. Ndidamulangiza kuti akapemphe pepala losainirana, lokhala ndi dzina lake ndi gawo lake. Adamuyankha kuti asadzimve, oimba ng'oma ali mbwee ku Mitundu, apeza wina wa K5,000. Ndipo adampezadi. Mlongo wanga adandikwiyira sabata ziwiri, ati ndamutayitsa mwana ndalama ya sopo ndi nzeru zanga za m'mabuku. Sindidamuyankhe, chifukwa sopoyo adasowadi.

Koma mwanayo sadagone. Ali ndi mnzake pamudzipo, wolekeza Fomu 2, amene amalakatula pa maliro ndi pa misonkhano ya makolo kusukulu. Awiriwa, ndi atsikana anayi oyankha, ajambula nyimbo zitatu pa foni yobwereka, kuseri kwa chigafa cha fodya. Mbalule ndiye akutsogolera, mnyamatayo akuthamanga pambuyo pake ndi mau, nthawi zina kupunthwa, nthawi zina kumupeza. Imodzi ikunena za mavenda ogula soya ndi sikelo yobera. Ina ikufunsa kumene kudapita ndalama za mlatho wa pamtsinje wa kwawo, ndipo ikutchula udindo wa munthu, osati dzina, monga amachitira gule. Chapakati pa nyimbo yachiwiri tambala akumveka kulira.

Alawansi ya mu envulopu ija ndidawatumizira kuti agulire chikopa chatsopano cha mpanje. Nyimbozo ndili nazo pa foni yanga. Ndapita nazo ku mawailesi awiri. Koyamba adati mau sakumveka bwino, akajambulenso ku situdiyo yeniyeni. Kwachiwiri mnyamata wa pa mapulogalamu adamvetsera yonse ya mlatho ija, naseka mpaka kugwira pamimba, kenaka adatsitsa mau n'kundiuza kuti abwana ake sangalole. Lachiwiri likudzali ndikupita ku wailesi yachitatu.